Kamchira ka M'dambo la Ayezi

Lammert Hadders anakhala kapitawo wa ayezi m'mudzi mwathu kuyambira ndevu zikungomera kumene mpaka pamene udindowo unadzithera wokha, popanda womuchotsa. Sunali udindo wa malipiro. Ntchito imene ankadyera inali yoyendetsa galimoto la mkaka, kuzungulira m'makola a alimi a m'chigawo chathu chino cha Drenthe n'kukatula ku fakitale ya tchizi, ndipo ankaigwira monga munthu amatsukira mano, osaikonda, osadana nayo. Mtima wake wonse unali kudambo la kuseri kwa tchalitchi, kumene chaka chilichonse ankatsekera madzi kuti aundane, anthu aterere.

Ine, Hillie, ndinakula naye, sukulu tinalowa limodzi, ndipo kwa zaka zambiri ndinkagulitsa chakumwa chotentha cha koko ndi supu wa nsawawa m'kanyumba ka matabwa ka kalabu yathu ya ayezi, m'mphepete mwa dambolo. Ndiye ndinamuonera pafupi. Anali wamtali, wa makutu ofiira, wosanena chinthu kawiri. Amayi ake ankati anabadwa chaka chimene ngalande zonse zinaundana mpaka mzamba anabwera akuterera pa ayezi chikwama chili kumsana, koma amayi akewo ankanena zambiri.

Kagwiridwe ka ntchito yake sikankasintha, ndipo anakalandira kwa kapitawo wakale monga kanalili. Mu Seputembala ankatchetcha dambo lonse ndi thalakitala mpaka dothi kuonekera, chifukwa udzu ukatulukira pamwamba pa madzi ayezi amakhala ndi mabowo. Udzuwo ankaukokera kunja. Mu Novembala ankatsitsa thabwa lotseka ngalande, mvula n'kudzaza dambo madzi olekeza m'maondo. Malichi akafika ankakweza thabwalo, madzi n'kupita, kutsala mchenga wakuda wonyowa umene ana a m'mudzi ankaukanda ndi mpira ndi njinga mpaka nyengo yotentha kutha. Pakati pa Novembala ndi Malichi, nyengo yathu yozizira, ankangodikira chisanu. Chikabwera, iye yekha ndiye ankalowa ndi nkhwangwa kukaboola ayezi kuti aone kuchindikala kwake, mudzi wonse utandanda pa mpanda nsapato zotererera zili m'khosi. Akapukusa mutu, ngakhale abusa ankabwerera kwawo. Akakweza dzanja, aphunzitsi ankaweruka masana omwewo.

Roelfien anakwatiwa naye akudziwa zonsezi. Ankanena pamaso pa anthu kuti iye ali pa mitala ndipo mkazi wamkulu ndi dambo, Lammert ali pomwepo akumwa khofi, osatsutsa. Anabereka mwana mmodzi wamkazi, amene anakula wodana ndi kuzizira n'kukakhala ku Rotterdam.

Kenaka chisanu chinayamba kujomba. Chaka china chinkabwera masiku owerengeka n'kuthawa ayezi asanalimbe, chaka china osaoneka n'komwe. Lammert ankatchetchabe, kutsitsabe thabwa, kunolabe nkhwangwa, koma opindula anali abakha. Anthu anayamba kumufunsa ku sitolo ngati ziweto zake zaikira, ndipo supu wanga ndinkadya ndekha ndi malemu amuna anga mpaka kutikola.

Nkhani ya tala anaibweretsa ndi iye yemwe, ndipo izi anthu ambiri anaziiwala. Midzi ina inali itathira tala pa mabwalo awo a ayezi. Pa tala umangopopera timadzi tochepa, chisanu chikangonunkhira kuli kuundana, pamene dambo la madzi a m'maondo limafuna kuzizira kwa masiku ambiri otsatizana. Lammert anapita kukadzionera, anabwerako akulankhula kuposa mmene analankhulira pa ukwati wake. Anaivutitsa komiti zaka zingapo mpaka wapampando wathu, Egbert Zwiers, mlimi wa nkhumba, anagonja. Kalabu inakonzeka, makolo anakondwa. Kunangotsala chinthu chimodzi: akhonsolo anati asanapereke chilolezo, kubwere kaye munthu wodzaona ngati m'dambomo mulibe chamoyo chimene lamulo limateteza. Kuno sukumba ngakhale dzenje la mzati popanda wina kubwera kudzagwada.

Wodzagwadayo anali mtsikana wophunzira za zomera, dzina lake Renske. Anafika mu Ogasiti pa njinga yobwereka, ndipo Lammert anamuperekeza m'dambo ndi cholinga choti amufulumizitse. Anayenda bwinobwino mpaka mbali ya kum'mawa, kufupi ndi ngalande. Pamenepo mtsikana anagwada, ndipo sanadzuke.

"Bambo Hadders, aka mumakaona chaka chilichonse?"

"Kati? Kamchirako? Kali mbwee mbali yonseyi. Kamandikolera m'mano a makina."

Kamchira ndi dzina limene anakapatsa Lammert yekha, la m'mabuku ine linandikanika. Ndi kachomera kokwawa pansi, kotalika ngati chala, ka timasamba tonga ubweya, ndipo kumapeto kwake kumadzuka kamutu kamodzi koima chilili. Sikachita maluwa, sikabala njere, kamangotulutsa fumbi lachikasu. Palibe amene angakaike m'botolo la maluwa pawindo.

Renske anamufotokozera ali chigwadire. Anati banja la kachomeraka linalipo dziko lisanaone duwa ngakhale limodzi. Makolo ake anali mitengo yopitirira nsanja ya tchalitchi chathu, imene inagwera m'zithaphwi n'kusanduka malasha omwe agogo athu ankaotha. Mbumba yonseyo inatha, kutsala tizidzukulu towerengeka tokwawa m'matope. Ndipo mtundu uwu, mwa kudziwa kwake, m'chigawo chathu chonse unali utatsala pa malo awiri, kwinako kukuuma chaka ndi chaka.

Lammert anati zomera zosowa zilipo zambiri, nanga aka kapambana pati?

"Udzu uli ndi abale zikwizikwi, bambo. Mtundu umodzi ukatha, pa maliro pake pamadzaza. Aka kakatha, palibe ngakhale msuweni wodzagona pa siwa."

Lammert anati ndiye akakumbe, apite nako ku sukulu yake akakasunge bwino, tala athiridwe. Mtsikana anati zimenezo anthu anayesa kale, m'miphika kamafa, chifukwa pomera kamadalira tinkhungu ta m'dothi timene sitilola kusamutsidwa wamba. Fumbi lake angathe kutapako kukasunga m'chipinda chozizira, koma kulidzutsa kuti likhalenso chomera ndi nkhani ina. Apo Lammert anafunsa chimene kanasankhira dambo lake pa madambo onse, ndipo yankho lake ndi limene linasintha moyo wake wotsala. Renske anati kachomeraka n'kofooka, sikangalimbane ndi udzu pofuna dzuwa. Madzi a Novembala amafooketsa udzu, makina a Seputembala amaumeta, mapazi ndi matayala amasiya dothi lili poyera, ndipo ndi pa dothi lotero pokha pamene kamamera. Anati kunena zoona, kakukhalira inuyo.

Ine ndimati chimene chinamugwira si malasha kapena maliro opanda olira. Ndi mawu omalizawo. Munthu amene watsekera madzi zaka zonsezo pachabe, anzake akumuseka kuti akuweta abakha, ukamuuza kuti madzi akewo sanali achabe, ndiye kuti wamugula ndi zovala zomwe.

Akhonsolo sanaletse kanthu. Anati tala angathe kuthiridwa, bola kalabu ikumbe dothi lokhala ndi kachomerako n'kukaliyala kwina, kamere kapena kasamere. Choncho nkhani inabwerera kwa ife eni ake, ndipo tinakumana mu holo ya kuseri kwa malo omwera khofi, anthu odzaza kuposa pa Khirisimasi. Egbert atangomaliza kufotokoza za makontilakita, Lammert anaimirira n'kunena kuti iye sakufunanso tala. Anthu anayamba aseka poganiza kuti wayamba nthabwala mu ukalamba.

"Iwe Lammert," anatero Egbert, "unatidzutsa ndiwe, tavala nsapato, lero ukuti tigonenso? Chifukwa cha udzu woti ngakhale nkhumba zanga sizingaununkhize?"

"Si udzu."

"Nanga n'chiyani, malume ako?"

Holo yonse inafa nacho chiseko. Lammert anadikira kuti chithe, makutu ali psuu, ndipo anati akathira tala apeze kapitawo wina, iye makiyi asiya pa tebulo. Atatero anakhala pansi. Tonse tinkadziwa kuti palibe wina m'mudzimo amene angadzuke tambala asanalire kukapopera madzi manja akuuma, ndipo akuluakulu ena anali ndi chisoni ndi dambo limene anaphunzirira kuterera. Tala anagonja ndi mavoti ochepa. Ine ndinavotera tala, ndipo sindibisa. Zomera sizigula supu.

Walira mvula walira matope. Mabanja a ana aang'ono anatuluka m'kalabu, n'kumapita pa galimoto ku nyumba ya ayezi wa makina m'tauni. Egbert anatula pansi upampando. Anthu amene kale ankamuimitsa Lammert pamsewu kumufunsa za nyengo anayamba kumupatsa moni wa chibwano. Iye sanadandaule, kapena ngati anadandaula anauza dambo.

Renske anabwera kudzatsazika asanapite ku ntchito imene anaipeza ku Sweden. Ndinali m'kanyumba kanga ndikupukuta mashelufu, ndipo ndinamumva bwinobwino. Anamuuza kuti asasinthe kanthu, achite zonse monga mwa nthawi zonse. Anabwereza kawiri. Lammert anagwedeza mutu ngati munthu wouzidwa kuti madzi amanyowetsa.

Seputembala wotsatira ndinamuona ndekha. Anatchetcha dambo kuyambira kumadzulo monga kale, mzere ndi mzere, mpaka anafika mbali ya kum'mawa. Pamenepo thalakitala inaima. Anatsika, anawerama, anayang'ana pansi nthawi yaitali, kenaka anakwera, anakweza mano a makina n'kubwerera chafutambuyo. Kwa zaka zonse zija ankapita pamenepo akuimba mluzu, tizidutswa ta kamchira tikuuluka kumbuyo kwake. Koma munthu ukamuuza kuti chinthu n'chosowa, phazi lake limayamba mantha.

Chaka chimenecho anangosiya kutchetcha ngodya imeneyo. Chaka chotsatira anakhomapo zikhomo n'kuzunguliza chingwe. Kenaka panabwera chikwangwani chopenta yekha, zilembo zowongoka bwino. Ife anthu a kuno tili ndi matenda amenewa: chinthu tikachilemekeza timachimangira mpanda, kuikapo chikwangwani, n'kusesa pozungulira. Timatero ndi manda, timatero ndi miyala yakale, timatero ndi agogo athu omwe. Ndiye palibe amene anaona cholakwika. Ena amene anamunyoza pa msonkhano anayamba kunena kuti komatu pakuoneka mwaudongo.

Chovuta chinali choti nthawi yomweyo Lammert anapuma pa ntchito ya mkaka, ndipo anali ndi tsiku lonse lolondera. Ana obwera ndi mpira anawathamangitsa, poyamba ku ngodya yokhayo, kenaka m'dambo lonse, poti mpira sudziwa chingwe. Anjinga anawabweza. Oyendetsa agalu anawalozera msewu, ndipo Egbert ndi galu wake anabwezedwa pamaso pa anthu ochokera ku tchalitchi. Roelfien anamukumbutsa kuti mtsikana uja anati asasinthe kanthu. Iye anayankha kuti mtsikanayo ndi wa mabuku, sanakwerepo thalakitala kuti adziwe kulemera kwake, ndipo ngati kachomerako kanapirira kupondedwa, kadzakondwa kopambana kakasiyidwa pa mtendere. Roelfien anati naye ankaganiza choncho za banja asanakwatiwe, n'kupitiriza kusenda mbatatesi.

M'mawa uliwonse ankazungulira chingwecho, manja kumbuyo, kuyambira pa ngalande n'kudzathera pa ngalande pomwepo, kenaka n'kupita kukamwa khofi. M'kati mwa chingwe munabiriwira. Munamera udzu wonenepa, milulu, ndi timitengo tobwera ndi mphepo. Lammert ankaona kubiriwirako n'kumakhutira kuti kamchira kali pansi pake, pa mthunzi, kakupuma. Sanalowemo kukaona, chifukwa kulowamo kunali kuponda.

Roelfien anamwalira m'zaka zomwezo, atadwala nyengo imodzi yozizira. Pa maliro pake mudzi wonse unabwera, ndi Egbert yemwe, poti mkwiyo wathu sufika kumanda. Kuchokera apo panalibenso womutsutsa pa tebulo. Kalabu nayo inatha mwakachetechete, thalakitala yake inagulitsidwa, ndipo dambo linatsala m'manja mwa khonsolo, imene inakondwa kupeza munthu wolisamalira ulele. Thabwa la ngalande ankatsitsabe Novembala aliyense.

Renske anabwerera patapita zaka zingapo, salinso mtsikana, ali ndi galimoto ndi udindo woyang'anira malo otere m'chigawo chathu. Lammert anandipempha kuti nditsegule kanyumba ndifulule khofi wa mlendo, ndipo anavala jekete la Lamulungu. Ankafuna kuyamikidwa, ndipo ndikuganiza kuti anakuyembekezera kuyamikidwako kuposa mmene anayembekezera chisanu chilichonse.

Mayiyo anafika pa chingwe n'kuima. Anawerenga chikwangwani. Kenaka anadumpha chingwecho ndi nsapato zake zamatope, Lammert n'kukuwa kuti aponde bwino. Sanatembenuke. Anagwada m'udzumo n'kuyamba kuupatula ndi manja, pang'onopang'ono, kuchoka kuno kupita uko. Pansi pa udzu wobiriwira panali udzu wakufa wa zaka zambiri, wothinana ngati mphasa yonyowa, ndipo pansi pa mphasayo panali mdima. Khofi wanga anazizira. Ndinafulula wina, nayenso anazizira.

Kenaka anatulukamo. Anayenda m'mbali mwa chingwe, kunja kwake, maso ali pansi, ndipo anagwadanso. Pamenepo panali kanjira kopapatiza kamene nsapato za Lammert zinapala pozungulira m'mawa uliwonse, mchenga wakuda uli poyera. M'mphepete mwa kanjirako munali timichira, apa kamodzi, apo tiwiri, tonse pamodzi toti n'kukwana m'chipewa.

"Ndinati musasinthe kanthu, bambo."

"Ndimakasamala."

"Ndikuona. M'katimu katheratu. Kali moyo pokhapo pamene mwakhala mukuponda."

Sanamukalipire, ndipo mwina kukalipa kukanamupepukira. Lammert anayang'ana chingwe, anayang'ana nsapato zake, n'kukhala pansi pa mchenga wonyowawo ndi jekete la Lamulungu lomwelo. Ine ndinali nditamusungira kampeni kumphasa zaka zonsezo chifukwa cha supu wanga, koma tsiku limenelo ndinamumvera chisoni. Anataya anzake, kalabu ndi ayezi wa ana a m'mudzi kuti apulumutse kanthu aka, n'kudzakapha yekha ndi ulemu.

Chingwe anachichotsa madzulo omwewo. Renske anatumiza anthu ndi kamakina kokumba, anasenda ngodya yonseyo mpaka pa mchenga, ndipo anati mwina m'dothimo mwatsala fumbi la kachomerako loti n'kudzuka, mwinanso ayi. Kutchetcha anati atumiza anthu ongodzipereka kamodzi pa chaka. Koma mapazi a tsiku ndi tsiku analibe, ndipo popanda mapazi udzu ubwereranso. Anamuuza mosabisa kuti chimene dambo likufuna ndi ana a mpira ndi njinga aja.

Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Lammert, munthu amene sanapemphepo ngakhale mchere kwa mnansi, anayenda khomo ndi khomo kupempha anthu amene anawathamangitsa kuti abwerere adzaponde. Ana a mpira aja anali atakula, ena akuyendetsa magalimoto a katundu, ena ali ku Groningen. Ana a masiku ano ali ndi bwalo la udzu wa pulasitiki pafupi ndi sukulu, ndipo amayi awo safuna matope m'galimoto. Aliyense anamulandira bwino, anamupatsa khofi ndi bisiketi imodzi monga mwa mwambo wathu, n'kumuuza kuti aona. Kwa Egbert anapita pomalizira.

"Dzana unandithamangitsa ndi galu wanga, anthu akuonerera. Lero ukuti ndidzaponde malume ako?"

"Ee. Ndinalakwitsa."

"Galu ujatu anafa."

"Ubwere wekha."

Egbert anabweradi, ndimuyamikire pamenepo. Loweruka lina kunabwera anthu okwana ndithu, atavala majombo, ndipo anaguba m'dambomo akuseka, ena akujambula ndi mafoni. Ndinaphika supu wa nsawawa wa soseji mu Juni, nyengo yotentha, chinthu chimene munthu wa nzeru sachita, ndipo anatha yense. Onse anati zinali bwino, tizichita kawirikawiri. Sanabwerenso. Sindikuwanena. Mwana amaponda dambo chifukwa akuthamangira mpira, koma munthu wamkulu kuponda matope popanda chothamangira amatopa nazo msanga.

Ndiye Lammert anaponda yekha. Amene ankadutsa pa msewu wa kuseri kwa tchalitchi ankaona nkhalamba yaitali ikuyenda uku ndi uku pa mchenga, ikukhwekhwereza mapazi dala, nthawi zina ikukoka chitseko chakale chachitsulo chomangirira chingwe m'chiuno ngati hatchi yolima. Alendo ankaganiza kuti mutu wasokonekera. A m'mudzi anasiya kuseka, koma sanathandize. Pa malo osendedwa paja milulu inayamba kubwerera, iye n'kumaizula ndi manja. Chaka chachiwiri anandiuza kuti waonapo timichira tatsopano tingapo, tating'ono ngati nsidze, ndipo anandikokera kuti ndikaone. Ndinawerama mmene ndikanathera n'kunena kuti n'zabwino, kuti andisiye ndibwerere ku moto wanga.

Lammert anagwa mu Novembala, pa ngalande, atangomaliza kutsitsa thabwa. Mwendo unaterera pa simenti yonyowa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Wa positi ndiye anamupeza. Kuchipatala anamuika chitsulo, koma kuyenda kwenikweni sikunabwerere, ndipo mwana wake anabwera kuchokera ku Rotterdam, anagulitsa nyumba, n'kumupezera malo m'nyumba ya okalamba m'tauni ya Assen. Ndi malo abwino, otentha, pansi pake posaterera.

Thabwa tsopano amatsitsa wa khonsolo akakumbukira. Otchetcha amabwera kamodzi pa chaka, anthu a m'tauni a mtima wabwino amene amadziwa mbalame kuposa zomera. Renske ali ndi madambo ambiri ndi miyendo iwiri, ndipo kwathu amati afika, afika.

Nyengo yotentha itafika Lammert anandiimbira foni, chinthu chimene sanachitepo, n'kundipempha kuti ndikayang'ane kudambo ndisanapite kukamuona. Ndinapita. Ndinatenga magalasi anga owerengera ndi thumba loyala, ndinagwada mbali ya kum'mawa movutikira, ndipo kudzuka kwake ndinachita kukwawira ku mzati. Pansi pamenepo pali tinthu tobiriwira tosawerengeka, tokwawa, toima, taubweya, topanda ubweya. Ndinayang'ana mpaka maso kutuluka misozi.

Mawa lake ndinakwera basi ndi keke ya maapozi. Ndinamupeza pa mpando wa matayala pafupi ndi windo, atametedwa bwino, makutu atayera. Keke sanaiyang'ane.

"Hillie, kaliko?"

M'basi monse ndinali nditakonza zoti ndingoti kaliko kambirimbiri. Bodza lotero silipha munthu, ndipo anamwino amanena otero tsiku lonse. Koma ameneyu ndi munthu amene ankabweza mudzi wonse pa mpanda chifukwa ayezi waperewera pang'ono, ndipo sanatinamizepo kuti tikondwe.

"Sindikudziwa, Lammert. Ndinagwada, ndinayang'ana. Zonse n'zobiriwira."

Anatambasula chala n'kuyamba kundilongosolera, kutalika kwake, ubweya wake, kamutu koima. Ndinati totere ndinationa tambiri, koma sindingalumbire kuti n'timeneto. Anati ndiye ndifunse wina wokadziwa. Ndinati ndani? Anayamba kutchula maina a m'mudzi chamumtima, milomo ikuyenda, nyumba ndi nyumba kutsika msewu wonse. Sanatchule ngakhale limodzi mokweza. Kwa zaka zonse zimene kachomerako kanali mbwee, palibe amene anali ndi chifukwa chokayang'ana, ndipo titauzidwa kuti n'kosowa, chingwe chinatiimitsa patali.

Wantchito anabwera ndi tiyi n'kupita.

"Uziponda basi," anatero Lammert. "Kum'mawa, kuyambira pa ngalande. Usamanyamule mapazi ngati uli m'tchalitchi. Uzikhwekhwereza."

Ndinamuuza kuti maondo anga si a mtsikana, ndipo ine ndinavotera tala. Anati akudziwa, anandiona dzanja lili m'mwamba.

Ndimapitako ndikatha kudya masana, mvula ikapanda kunyanya, nditavala majombo a malemu amuna anga ndi masokosi awiri kuti andikwane. Ndimayambira pa ngalande. Ndimakhwekhwereza mpaka mchenga uonekere, ndikatopa ndimabwerera kukamwa khofi. Mwina pansi pa mapazi angawo pali banja lakale kuposa maluwa onse a pa dziko, mwina linatha chaka chatha ndipo ndikungovutitsa udzu. Kamodzi pa mwezi ndimakwera basi ya ku Assen, ndipo ndisanavule n'komwe chikhoto iye amafunsa ngati kaliko. Ine ndimamuyankha chokhacho chimene ndikudziwa, kuti ndaponda.